Mbaula, chibayo ndi chisanu cha ku Dedza

Ine kwathu ndi ku Chikwawa, kuchigwa cha Shire, kumene munthu amatha kukula mpaka kulowa m'banja asanagulepo juzi. Kwathuko mwezi wa Juni ndi nthawi yopumirako kutentha basi. Bambo akunyumba atawasamutsira ntchito ku Dedza, aliyense wodzatitsanzika ankangoti, "Mukagule magombeza, kumeneko si masewera."

Ankanenadi zoona. Dedza ndi tawuni yokwera kuposa matawuni onse m'Malawi muno, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere. Kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka mu Ogasiti, usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Kukabwera chiperoni ndiye dzuwa limasowa masiku angapo, phiri lonse lili bii ndi nkhungu, mawawa akungowaza, matewera pachingwe osauma, nkhuni zonse zonyowa. Anzathu a ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Mzuzu akuzidziwa bwino zimenezi.

Zaka zomwe ndakhala kuno zandionetsa kuti chimene chimagoneka anthu ambiri m'chipatala nyengo imeneyi si kuzizira kwenikweniko, koma zimene timachita pothawa kuzizirako. Timatseka paliponse polowa mphepo, timalowetsa moto m'nyumba, timaunjikana chipinda chimodzi wodwala ndi wosadwala. Ndikulemba izi chifukwa pakhomo pathu panatsala pang'ono kuchitika maliro, ndipo sindikufuna kuti wina adzaphunzire m'njira imeneyo.

Tinkakhala ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo akunyumba, yemwe chaka chimenecho ankalemba mayeso a Fomu 4. Mayeso amenewa amagwa nthawi yachisanu yomweyi. Ankagona m'kanyumba kakuseri, kachipinda kamodzi, ndipo ankawerenga mpaka usiku kwambiri. Tsiku lina kutazizira koopsa, ife titagona kale, anatenga mbaula yomwe ndinaphikira nsima yamadzulo, n'kuwonjezamo makala, kuwakupiza mpaka onse psuu, n'kulowa nayo m'kanyumba kake. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi chiguduli, pazenera losweka anali atamatapo kale katoni.

M'mawa ndinadabwa kuti dzuwa likutuluka iye asanadzuke, pomwe ndiye ankayamba kudzuka pakhomopo. Ndinagogoda. "Alamu! Alamu, kwachatu!" Zii. Ndinagogodanso mwamphamvu, ndipo ndinangomva kubuula chapansipansi. Achimwene ake anachita kuthyola chitseko. Tinamupeza ali pansi pakati pa bedi ndi chitseko, zikuoneka kuti ankafuna kutuluka koma miyendo inamukanika. Anali atasanza, maso ali otsegula koma osatizindikira bwinobwino. Mbaula ili pakona, makala atasanduka phulusa, m'chipindamo mopanda utsi ngakhale pang'ono. Titamunyamulira pabwalo, patapita kanthawi anangoti, "Achimwene, mutu."

Anthu anadzaza pakhomo. Wina akuti mum'mwetse mkaka, wina akuti ndi malungo aakulu, mayi wina n'kundinong'oneza kuti, "Amayi, mwana wa mayesotu uyu, anthu am'chitira chipongwe." Tikuthokoza Mulungu kuti bambo akunyumba sanamvere aliyense, anangopempha galimoto ya aneba n'kuthamangira naye kuchipatala. Adokotala atangomva mmene tinamupezera, funso lawo loyamba linali lakuti, "Anagona ndi mbaula?" Anamuika pa mpweya wa okosijeni nthawi yomweyo. Anachira, ndipo mayeso analemba, ngakhale kuti mutu unkamupwetekabe kwa masiku angapo.

Zimene anatifotokozera tsiku limenelo ndi zimene ndimauza aliyense. Makala akamayaka m'malo mopanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsamwitsa, sutulutsa misozi ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, ndiye magazi amangozungulira m'thupi osanyamula mpweya wabwino wokwanira kupita kuubongo ndi kumtima. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo. Tulo timeneti ndiye toopsa, chifukwa munthu amaganiza kuti wangofundidwa bwino, n'kugona osadzukanso.

Ambiri timakhulupirira kuti makala akapsa n'kufiira, utsi n'kutha, ndiye kuti mbaula yakhala bwino kulowa nayo m'nyumba. Mlamu wanganso ankadziwa choncho. Si zoona. Makala ofiira opanda utsi omwewo akutulutsabe poizoni mpaka atazimiratu. Ndamvaponso ena akuti ukaika beseni la madzi pambali pa mbaula madziwo amayamwa poizoniyo. Madzi sayamwa kanthu pamenepo. Chomwe chimathandiza ndi mpweya wolowa ndi kutuluka, ndipo chomwe chimathandiza koposa ndi kusagona ndi mbaula m'nyumba n'komwe. N'chimodzimodzinso jenereta magetsi akazima: malo ake ndi panja, kutali ndi zenera. Amene muli ndi abale ku Johannesburg, okhala m'tinyumba tamalata tija, muziwakumbutsa pafoni, chifukwa kumenekonso Juni ndi Julayi ndi miyezi yachisanu ndipo anthu amaotha makala m'nyumba zotseka.

Chizindikiro chimodzi chomwe chingakuthandizeni kusiyanitsa ndi malungo n'chakuti anthu onse amene agona m'chipinda chimodzi amadzuka akudandaula zofanana, ndipo akatuluka panja amayamba kupezako bwino. Mukapeza munthu ali choncho, tsegulani zitseko ndi mazenera, mutulutseni panja msanga, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe. Musam'mwetse chilichonse ngati sakudzidziwa bwino. Mkaka sutsuka poizoni ameneyu. Ndipo ngakhale aoneke ngati watsitsimuka, pitani naye kuchipatala, makamaka akakhala mwana kapena mayi woyembekezera.

Kuyambira nthawi imeneyo pakhomo pathu pali lamulo lomwe ngakhale mlendo timamuuza: moto timaothera kukhitchini chitseko chili chotsegula, kapena pakhonde, ndipo tikamakagona mbaula imazimitsidwa n'kusiyidwa panja. Kutentha kokagona nako timakupeza m'njira zina. Ndimathira madzi otentha m'botolo lolimba, kutseka bwino, kulikulunga m'chitenje n'kuliika kumapazi kwa bedi anthu asanagone. Apongozi anga amakonda njerwa yootcha: amaiika pambali pa moto madzulo, kenako kuikulunga m'nsalu yochindikala. Ana amene amagona pansi ndimawayalira makatoni kapena matumba pansi pa mphasa, chifukwa simenti imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse, ndipo gombeza lapamwamba silingathandize ngati pansi pakuzizira. Zovala zopepuka ziwiri kapena zitatu zovala mophatikiza zimafunditsa kuposa chijasi chimodzi. Chipewa ndi masokosi ogona nawo ndi zotsika mtengo pa kaunjika, makamaka mukagula mu Epulo mitengo isanakwere. Timabowo tolowera mpweya tapamwamba pa khoma tija sititseka, ngakhale kuzizire bwanji.

Tsopano za ana, pakuti apa ndi pamene mtima wanga umakhala nthawi yonse yachisanu.

Mwana wanga wachiwiri anadwala chibayo asanakwanitse chaka. Zinayamba ngati chimfine wamba, mamina ndi kachifuwa, monga ana onse apamudzi nthawi imeneyo. Usiku wina ndinaona kuti akuyamwa pang'ono n'kusiya, kuyamwa pang'ono n'kusiya, ngati akusowa mpata wopumira. Thupi linali litatentha. Ndinakumbukira zimene alangizi azaumoyo anatiphunzitsa kusikelo, ndiye ndinamuvula kajuzi n'kukweza malaya kuti ndione chifuwa. Akamakoka mpweya, m'munsi mwa nthiti munkalowa m'kati, kubonyoka ndithu, m'malo moti chifuwa chitukuke. Ndinatenga foni n'kuwerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu, ndipo anapitirira 50.

Manambala amenewa mayi aliyense ndi bambo aliyense aziwasunga pamtima. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndiye kuti likupuma mothamanga. Kuyambira miyezi iwiri mpaka chaka, malire ndi 50. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, malire ndi 40. Muziwerenga mwana ali phee, osati akulira kapena akuyamwa, ndipo muziyang'ana pamimba kapena pachifuwa: kukwera ndi kutsika ndi kamodzi. Mukaona nthiti zikulowa m'kati, mwana akukana bere kapena madzi, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena wangolefuka osadzuka bwino, musadikire kuti kuche.

Apongozi anga, mwachikondi ndithu, anati, "Mwanangu, usiku uno ndi mphepo imeneyi mukam'pweteka mwanayu, dikirani m'mawa." Ndinawayankha kuti, "Amayi, ndim'funditsa bwino, koma kapumidwe aka sikondilola kugona." Ndinamuika pachifuwa panga khungu kukhudza khungu, kum'veka chipewa, kumanga chitenje, pamwamba n'kuvala jekete la bambo ake, ulendo. Kuchipatala anatigoneka. Anamwino anandiuza kuti ana ambiri a chibayo amafika mochedwa chifukwa makolo amayamba agula mankhwala pagolosale n'kumadikira.

Nkhani ya mankhwala apagolosaleyi ndiinene mosabisa. Chimfine ndi chifuwa wamba zimayamba ndi tizilombo ta mavairasi, ndipo mankhwala monga amoxicillin kapena Bactrim sachita kanthu pa mavairasi. Kugula makapisozi anayi, kumwa masiku awiri n'kusiya, kumangophunzitsa tizilombo tina m'thupi kupirira mankhwala, ndiye tsiku limene mudzawafunedi sadzagwira ntchito. Akakupatsani kuchipatala, malizani onse monga akuuzirani ngakhale mwana ayambe kusewera. Ndipo onani kabuku ka kusikelo ngati mwana analandira katemera yense. Katemera woteteza ku chibayo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, ndipo mwana amabayidwa katatu, pa masabata 6, 10 ndi 14. Sateteza ku chibayo cha mtundu uliwonse, koma amachepetsa kwambiri choopsa chija.

Chinanso chimene anamwino aja anandifunsa ndi chakuti ndimaphikira pati, ndipo mwana amakhala kuti ndikamaphika. Ambirife timaphika mwana ali kumbuyo, m'khitchini yotseka chifukwa cha mphepo, nkhuni zili zonyowa ndi chiperoni, utsi uli tolo. Ife akuluakulu timangopukuta misozi, koma mapapo a mwana ndi anthete, ndipo utsi umenewo umatsegulira njira chibayo. Masiku ano nkhuni ndimasonkhanitsa mvula ikangosiya, n'kuzisunga pouma. Ndinagulanso chitetezo mbaula, yadothi ija, yomwe imadya nkhuni zochepa ndipo utsi umachepako. Pophika, mwana ndimam'siyira wina panja pa khitchini.

Chimfine wamba chokha sindilimbana nacho kwambiri. Madzi ofunda a mandimu ndi jinja, kupuma, kudya bwino, ndipo chimatha chokha pakadutsa sabata kapena kuposerapo pang'ono. Uchi umafewetsa kukhosi, koma mwana wosakwana chaka musam'patse uchi. Wakhanda mankhwala ake ndi bere pafupipafupi, ndi kum'pukuta mphuno kuti azitha kuyamwa. Zofukiza ndi madzi owira a masamba a bulugamu akuluakulu ena amazikonda, koma kwa ana ine ndimakana, chifukwa mwana akangogwedezeka m'gombezamo mphika wonse umam'khuthukira. Amene ali ndi mphumu asunge mankhwala awo opopera pafupi, chifukwa mphepo yozizira, fumbi ndi utsi zimaidzutsa.

Koma chifuwa chikafika masabata awiri osasintha, musamangoti n'chisanu. Amalume awo a bambo akunyumba anakhosomola nyengo yonse yozizira akunena kuti chitha kukayamba kutentha. Anayamba kuonda, kutuluka thukuta usiku pomwe ena tonse tikunjenjemera. Atapita kukayezetsa makhololo anawapeza ndi chifuwa chachikulu cha TB. Kuyezetsa ndi mankhwala omwe n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo anachira atamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi. Nthenda imeneyi imayenda mumpweya, ndiye taganizani nyumba yotseka mazenera onse miyezi itatu, anthu asanu ndi awiri akupumirana. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse dzuwa likangotuluka ndimatsegula mazenera onse kwa kanthawi, ana adandaule asadandaule. Mu minibasi namonso ndimapempha wokhala kuzenera kuti, "Achimwene, tatsegulaniko pang'ono," ngakhale ena andiyang'ane ndi diso loipa.

Kupsa ndi moto ndi vuto lina lalikulu la nyengo ino. Ana amaunjikana pamoto m'mawa asanapite kusukulu, atavala majuzi ndi madiresi a nayiloni omwe akagwira moto amasungunukira pakhungu. Mwana wa aneba athu anagwetsa poto wa madzi osamba amene anali pa mbaula pakhonde, n'kumuthira mwendo wonse. Ndisanafike n'komwe, wina anali atathamangira kale mankhwala otsukira mano, wina dzira. Ndinawaletsa. Pabala la moto pamafunika madzi ozizira oyera, kuthira mosalekeza kwa mphindi 20, thupi lina lonse la mwana mutalifunditsa kuti asazizidwe. Osapaka mankhwala a mano, dzira, mafuta ophikira, ufa kapena phulusa, chifukwa zimangolowetsa tizilombo pabala ndipo kuchipatala amavutika kuzichotsa mwana akulira. Matuza osawaboola. Nsalu yomatirira pabala osaikoka. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kupita kuchipatala, makamaka akapsa kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena bala likakula kuposa chikhatho chake.

Amene muli ndi m'bale wodwala khunyu, nyengo inoyi musam'siye yekha pamoto, ndipo azimwa mankhwala ake mosadumphitsa. Zimandiwawa ndikamva kuti munthu anagwera pamoto anthu akuonerera poopa kuti akam'gwira atengera matendawo. Khunyu sapatsirana, kaya pom'gwira, kaya ndi malovu, kaya ndi mpweya wake. Mukokeni pamotopo.

Pa zakudya, nyengo yozizira ili ndi ubwino wake chifukwa imagwa titangokolola. Mbatata, maungu, mtedza, nyemba ndi kachewere wa konkuno ku Dedza zimapezeka. Malalanje, mandimu ndi manachesi a ku Mwanza amakhala mbwee m'misika nthawi yomweyi, ndipo malambe akwathu kuchigwa ali ndi vitamini C wambiri. Ana sindiwalola kupita kusukulu m'mimba muli gwa: phala lothira nsinjiro kapena soya, kapena mbatata yophika ndi tiyi. Thupi limafuna chakudya kuti lipange kutentha, ndipo mwana wanjala amazizidwa kuposa mnzake wokhuta ngakhale avale zofanana. Ndiwo zamasamba zikasowa, mfutso wotendera ulipo. Madzi akumwa timawaiwala chifukwa ludzu silimveka, ndiye ine ndimasunga ofunda mu fulasiki kuti aliyense azimwako.

Abambo, kachasu safunditsa. Mumamva kutentha chifukwa mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi n'kuthamangira kunja, koma pamenepo ndi pomwe thupi likutaya kutentha kwake. Woledzera akagona m'ngalande usiku wa Julayi kuno akhoza osadzuka. Mukam'peza wotero, m'lowetseni m'nyumba, m'vuleni zonyowa, m'funditseni ndipo m'gonekeni chammbali. Musam'yandikize pamoto mwadzidzidzi.

Zakhungu ndingodutsamo mwachangu. Kutuwa, milomo kusweka ndi zikang'a kumapazi zimafuna Vaseline kapena glycerine, wopaka mukangosamba khungu lisanaumiretu. Zikang'a zikang'ambika mpaka kutuluka magazi, makamaka kwa odwala shuga, si zongozinyalanyaza. Ana amathawa madzi nyengo ino, ndiye ndimawasambitsa masana akaweruka kusukulu dzuwa likadalipo. Kufunda gombeza limodzi anthu anayi ndi pomwe mphere zimapezera mpata wofalikira. Tsiku lililonse la dzuwa magombeza ndimawayanika panja. Neti nayonso musaipinde poti kwazizira: udzudzu umachepa koma sutheratu, ndipo mwana akatentha thupi ayezedwe magazi, osangoganizira kuti n'chimfine.

Pali anthu ena amene chisanu chimawapeza okha. Agogo okhala okha m'midzimu nthawi zambiri sadandaula, ndipo thupi lokalamba silimva msanga kuti lazizidwa. Kuseri kwathu kuli agogo ena aakazi omwe ana awo onse ali kutawuni. Ndinawapeza m'mawa wina atakhala pakhomo, manja ali zii, akulankhula mokoka mawu, asanadye kanthu chifukwa zala zinkawakanika kuyatsa machesi. Kuyambira pamenepo amayi apamudzi pano timasinthana kuwapititsira phala lam'mawa m'miyezi imeneyi, ndipo anyamata amawawazira nkhuni n'kuwaikira pouma.

Enanso ndi alonda. Amachezera usiku wonse m'tinyumba tating'ono tapageti, ndipo ambiri chowafunditsa chawo ndi mbaula yomweyo, chitseko atatseka. Ngati muli ndi mlonda pakhomo panu kapena kuntchito kwanu, m'gulireni chijasi chochindikala, chipewa, magolovesi ndi nsapato zotseka, muzim'patsa fulasiki ya tiyi madzulo, ndipo mum'fotokozere bwinobwino chifukwa chake mbaulayo iyenera kukhala panja pa kanyumbako.